Mlandu suola: ndani alipira maloya a khonsolo?

Kumapeto kwa caka ciri conse makhonsolo a mizinda ya Kitwe ndi Ndola akonza bajeti ya caka cotsatira. M'menemo muli mizere imene tonse tiimva msanga: miseu, ngalande, kucotsa zinyalala, misika ndi nyali za m'miseu. Koma ulipo mzere wina umene sukambidwa kawirikawiri pamaso pa anthu. Ndiwo wa ndalama za milandu: zolipira maloya apadera amene khonsolo iwalemba kuti akaiimire ku khoti, zolipira anthu amene aipambana pa mlandu, ndiponso ciwongola dzanja ca ngongole zimene khoti lagamula. Ife a ku Ndeke, kaya ndi Ndeke ya ku Kitwe kapena ya ku Ndola, tifuna kuti lero tiunike mzere umenewu, pakuti ngwee iri yonse yolembedwa pamenepo icokera m'thumba la inu ndi ife.

Tinene poyamba kuti sitidana ndi maloya. Loya ndi wanchito monga mmisiri wa matabwa kapena dokotala wa ng'ombe, ndipo akagwira nchito ayenera kulipidwa. Mfundo yathu ndi iyi: milandu yambiri imene khonsolo ilipirira maloya siyambira ku khoti ai. Iyambira mu ofesi ya khonsolo momwemo, tsiku limene puloti imodzi ipatsidwa kwa anthu awiri, kapena tsiku limene wopuma pa nchito auzidwa kuti "bwerani mawa" m'caka cake cacisanu ca kuyembekeza. Bilu ya loya ndi mtengo wa zolakwa zimene zinacitika kale, ndipo popeza biluyo ilipidwa mwakacetecete, wolakwa uja saphunzirapo kanthu.

Thumba lake ndi lathu

Kuti timvetse kulemera kwa nkhaniyi, tikumbuke m'mene thumba la khonsolo linacepera. Mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene anali kukhalamo, pa mitengo yotsika kwambiri. Mabanja ambiri anakhala eni nyumba, ndipo ici sitingaciiwale. Koma lendi imene inali kulowa mwezi ndi mwezi inathera pomwepo. Mu 2000 nchito ya madzi inacoka m'maofesi a makhonsolo n'kupita ku makampani a Nkana Water ku Kitwe ndi Kafubu Water ku Ndola. M'caka comweco migodi ikuluikulu ya ZCCM inagulitsidwa, ndipo m'kupita kwa zaka makomboni monga Wusakile ndi Chamboli, amene kale mgodi unali kuwasamalira wokha, anayamba kuyang'ana kwa khonsolo. Katundu anakula, thumba linacepa.

Zimene zinatsala ndi msonkho wa nyumba ndi malo umene tiudziwa ndi dzina lakuti "rates", ziphaso za malonda, ndalama za m'misika ndi za pa masiteshoni a basi, ndalama za mapuloti, ndi levi ya munthu wolembedwa nchito, imene kwa zaka zambiri sinapitirire K15 pa caka. Kuyambira mu 2015 boma lalikulu lithandizira ndi thumba la Equalisation Fund, koma gawo lalikulu la ndalamazo lithera ku malipiro a anchito. Inde, ndalama za CDF zinakwera kwambiri, kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iri yonse mu 2022, ndipo zinakweranso m'zaka zotsatira. Koma CDF iri ndi nchito zake, monga makalasi, tizipatala, mabasale a ana a sukulu ndi thandizo la magulu a amai ndi acinyamata. Sinapangidwire kulipira maloya.

Tsono bilu ya mlandu ikafika, igwera pa ndalama zija zimene mai wa pa Chisokone kapena pa Masala alipira pa thebulo lake, ndi zimene mlimi wa ku Kamfinsa kapena ku Misundu asiya pa msika akabwera ndi repu ndi matimati. Tiyerekeze cabe kuti mlandu umodzi wadya K150,000. Pa K15 munthu mmodzi, imeneyo ndi levi ya caka cathunthu ya anchito 10,000. Ndalama yomweyo ikanagula makalavati a pa mseu umene ukokoloka dzinja liri lonse, kapena dizilo ya thirakitala yonyamula zinyalala.

Nanga loya wapadera afunikiranji?

Mwa lamulo, khonsolo iri ngati munthu payokha: ikhoza kutengera wina ku khoti, ndipo nayonso ikhoza kutengeredwa ku khoti m'dzina lake. Boma lalikulu liimiridwa ndi ofesi ya Attorney General, koma khonsolo idzionera yokha. Ndico cifukwa cake makhonsolo a mizinda ikuluikulu ali ndi dipatimenti ya za malamulo, yokhala ndi maloya olembedwa kudzera ku Local Government Service Commission, amene alandira malipiro a pa mwezi monga anchito ena onse.

Bvuto ndi lakuti maloya ndi ocepa m'dziko muno, ndipo cipata colowera m'nchitoyi ndi copanikiza. Munthu akatsiriza digiri ya malamulo ayenera kupambananso mayeso a ku ZIALE ku Lusaka asanaloledwe kuima pamaso pa woweruza. Mu 2021 dziko lonse linadabwa kumva kuti mwa ophunzira 395 amene analemba mayesowo, mmodzi yekha ndiye anapambana. Loya wozolowera nchito safulumira kukhala pa malipiro a khonsolo pamene mabanki ndi migodi alipira bwino koposa. Conco mafailo akaunjikana, kapena mlandu ukakhala wobvuta, khonsolo ipita kukagogoda ku makampani a maloya a m'tauni. Kumeneko malipiro awerengedwa pa ola, ndipo loya wa zaka zambiri pa nchito ali ndi mtengo wokwera kuposa wongoyamba. Kuwerenga failo, kulemba kalata, kuyenda ulendo wa ku khoti ngakhale mlandu ukankhidwe tsiku lina, zonsezi zilowa m'bilu.

Pali nthawi pamene kulemba katswiri ndi nzeru. Alimi akumbukire nkhani ya mathirakitala a ku Romania. Mu 1979 Zambia inatenga ngongole ku dzikolo yogulira mathirakitala ndi zipangizo zina za ulimi. Mu 1999 kampani ya Donegal International inagula ngongoleyo pa madola a ku America opitirira pang'ono 3 miliyoni, ndipo pambuyo pake inatengera dziko lathu ku khoti la ku London, ikufuna madola 55 miliyoni. Zambia inalemba maloya a komweko, ndipo mu 2007 khoti linagamula kuti ilipire madola pafupifupi 15.5 miliyoni. Zinali zowawa, koma tikanapita cimanjamanja tikanaluza zoposa pamenepo.

M'caka comweco ca 2007 khoti lina la ku London, pansi pa woweruza Peter Smith, linagamula kuti a Chiluba ndi anzao ena ali ndi mlandu wa ndalama za boma zokwana madola pafupifupi 46 miliyoni. Mlanduwo unayendetsedwa ndi maloya apadera a ku Britain pa mtengo waukulu. Koma mu 2010 High Court ya ku Lusaka inakana kulembetsa cigamuloco kuti cigwire nchito muno. Kaya munthu anali mbali iti pa nkhani imeneyi, phunziro ndi limodzi: kupambana pa pepala si kulandira ndalama m'manja. Nkhani ziwirizi ndi za boma lalikulu, koma mafunso amene zitipatsa ndi omwewo amene khonsolo iyenera kudzifunsa isanalembe loya: tidzapindulanji, tidzaononga zingati, ndipo kodi palibe njira ina?

Kumene milandu ibadwira

Milandu ya makhonsolo athu si ya ku London. Yambiri iri ndi magwero atatu amene tonse tiwadziwa.

Oyamba ndi mapuloti. Malo onse m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo wopereka taitolo ndi Commissioner of Lands. Khonsolo, malinga ndi cikalata ca boma ca Land Circular No. 1 ca 1985, iri ngati mtumiki cabe: ipima malo, ilengeza, ifunsa ofuna malowo, n'kutumiza maina. Njira imeneyi ikalumphidwa, pabuka anthu awiri onse ali ndi kalata ya puloti imodzi, kapena nyumba imangidwa pa malo a sukulu, pa mseu kapena pansi pa nthambo za magetsi. Sitinaiwale nyumba zimene zinagwetsedwa ku Mindolo North mu 2014, mabanja n'kutsala pa mtetete m'nyengo yozizira. Sitinaiwalenso kuti mu 2020 Nduna yoona za makhonsolo, Dr Charles Banda, inaimitsa makhansala a Kitwe ndi a Lusaka kwa miyezi itatu cifukwa ca kagawidwe ka malo kosatsata lamulo. Puloti iri yonse yogawidwa mokhota ndi mlandu umene uli m'njira, kaya ku High Court kapena ku Lands Tribunal, ndipo khonsolo sisowa pa mndandanda wa oimbidwa mlandu.

Aciwiri ndi opuma pa nchito. Mu 1992 lamulo linakakamiza anchito a makhonsolo amene anakwanitsa zaka 22 pa nchito kuti apume, pamene ndalama zowalipira panalibe. Kucokera nthawi imeneyo ngongole ya opuma yakhala ngati cilonda cosapola. Malipoti a Auditor General, amene ndi wofufuza wamkulu wa mabuku a ndalama za boma, akhala akuonetsa makhonsolo ambiri akulephera kutumiza ndalama zimene adula pa malipiro a anchito ku LASF, ku NAPSA ndi ku ZRA. Malamulo Aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, pa ndime 189 anena kuti munthu amene sanalandire ndalama zake za penshoni pa tsiku lake lomaliza la nchito akhalebe pa mndandanda wa malipiro kufikira atalipidwa. Nanga tsono khonsolo ikalemba loya kuti alimbane ndi nkhalamba imene aliyense adziwa kuti iri ndi ngongole yake, imeneyo ndi nchito yanji? Kumeneko ndi kugula nthawi, ndipo nthawi ya ku khoti ndi yodula.

Acitatu ndi makontilakiti. Wamalonda apereka simenti, mafuta kapena mapepala, kapena akumba ngalande, koma malipiro osaoneka. Nthawi zina pangano lisainidwa ndalama zake zisanapezeke. Nthawi zina lilembedwa mothamanga, loya wa khonsolo osaliona n'komwe. Ola limodzi la loya wa pa malipiro, pangano lisanasainidwe, lingapulumutse zaka zitatu za loya wapadera pambuyo pake.

Kulipira katatu

Ambiri a ife tiganiza kuti khonsolo ikaluza mlandu ingolipira ngongole ija basi. Sizitero. M'makhoti athu mwambo ndi wakuti woluza alipira zimene wopambana waononga pa mlandu. Conco khonsolo ilipira loya wake, ilipiranso loya wa amene waipambana. Pamwamba pa izi pabwera ciwongola dzanja, cimene pambuyo pa cigamulo cingafike pa mlingo wa ngongole za ku banki monga a Bank of Zambia aupimira. Aliyense amene anakongolapo ndalama za feteleza adziwa m'mene ciwongola dzanja cikulira ngati cikhala cosalipidwa. Ngongole imene ikanatha ndi mbuzi imodzi ifika pofuna ng'ombe.

Palinso kusiyana kwina. Katundu wa boma lalikulu salandidwa cifukwa ca ngongole ya ku khoti, koma wa khonsolo angathe kulandidwa. Akuluakulu akumbukira nkhani za mabelifi, anthu a khoti olanda katundu, akukoka magalimoto ndi mipando ya makhonsolo m'mizinda yosiyanasiyana. Pofuna kucepetsa zimenezi, ndime 160 ya Malamulo Aakulu a 2016 inaika kuti wopambana khonsolo pa mlandu ayembekeze caka cimodzi kucokera tsiku la cigamulo asanaikakamize kulipira. Caka cimeneci cinaperekedwa kuti khonsolo iike ngongoleyo m'bajeti yotsatira ndi kulipira mwaulemu. Sicinaperekedwe kuti failo iponyedwe m'kabati. Makolo anati mlandu suola. Caka cikatha wokongoza abwera ndithu, ndipo abwera ndi ciwongola dzanja ca miyezi 12.

Njira yosadula iripo

Kumudzi, anthu awiri akakangana pa malire a munda, sathamangira kwa mfumu yaikulu. Ayamba kwa ankhoswe ndi kwa anyakwawa, akhala pansi, aloza pamene panali mtengo wa malire, nkhani n'kutha dzuwa lisanalowe. Makhoti athu nawonso ali ndi njira yotere. Kuyambira mu 1997 High Court iri ndi mphamvu yotumiza mlandu kwa mkhalapakati kuti mbali ziwiri zimvane. Zimene agwirizana zikalembedwa ndi kusainidwa, zikhala ndi mphamvu monga cigamulo ca khoti, ndipo nkhani ithera pomwepo. Kwa ngongole imene khonsolo siikana, monga ya wopuma pa nchito kapena ya wamalonda amene anaperekadi katundu, njira yanzeru ndi kubvomera, kupangana zolipira pang'onopang'ono, ndi kusunga panganolo.

Ndiponso bilu ya loya si mau omaliza. Lamulo lilola kuti bilu ipite kwa mkulu wa ku khoti woona za mabilu kuti aipime mzere ndi mzere, ndi kudula zimene zapitirira muyeso. Mlimi salandira thumba la cimanga popanda kuliika pa sikelo. Tifuna kudziwa ngati makhonsolo athu aika mabilu a maloya pa sikelo imeneyi asanalipire.

Zimene tipempha

Kwa a Meya, a Town Clerk ndi makhansala a mizinda yathu iwiri, tipereka zopempha zinai, mwaulemu koma mosabisa mau.

Coyamba, pa miyezi itatu iri yonse pakhomedwe cikalata pa Civic Centre ndi m'mawadi coonetsa kuculuka kwa milandu imene khonsolo iri nayo, mitundu yake, makampani a maloya amene apatsidwa nchito, ndalama zimene alipidwa, ndi milandu imene yapambanidwa kapena kuluzidwa. Ena adzati za pakati pa loya ndi womulemba ndi cinsinsi. Tibvomera kuti uphungu umene loya apereka pa mlandu umene ukali m'khoti ndi cinsinsi. Koma mtengo umene anthu alipira si cinsinsi kwa eni ndalama.

Caciwiri, mlandu uli wonse uyambe kwa maloya a khonsolo eni ake. Ukafuna katswiri, cifukwa cake cilembedwe ndipo mtengo upanganidwe nchito isanayambe. Kulemba loya ndi kugula nchito monga kugula simenti, ndipo lamulo la kagulidwe ka zinthu za boma, Public Procurement Act ya 2020, likhudza makhonsolo nawonso. Kampani imodzi yokhayokha ikamalandira mafailo caka ndi caka, anthu ali ndi ufulu wofunsa cifukwa cake.

Cacitatu, ngongole zosatsutsika zisapite ku khoti. Pakhale mndandanda wa opuma pa nchito motsata zaka zimene anapumira, ndipo alipidwe motsata mzerewo, osati motsata amene adziwana ndi bwana kapena amene ali ndi loya waukali.

Cacinai, mlandu ukaluzidwa cifukwa ca kusasamala kapena cinyengo ca munthu wodziwika, munthuyo ayankhepo. Lamulo la kasungidwe ka ndalama za boma, Public Finance Management Act ya 2018, lilola kuti wanchito amene waonongetsa ndalama za anthu adulidwe pa malipiro ake. Malinga ngati wogawa puloti kawiri adziwa kuti bilu idzalipidwa ndi mai wa pa msika, sadzaleka.

Mbali yathu

Tisaloze cala kwa ena okhaokha. Amene agula puloti kwa makada kuseri kwa bala, popanda kuona mapu ndi maminiti a khonsolo, adzigulira mlandu, ndipo atigulira tonse. Conde, ndalama za puloti zilipidwe ku akaunti ya khonsolo, ndipo lisiti isungidwe monga tisungira khadi ya ubatizo. Amenenso akhala zaka osalipira "rates" akumbuke kuti khonsolo ikatuma maloya ndi mabelifi kukatolera, gawo la ndalamazo lithera m'njira, osafika ku mseu wa kwathu.

Zida zofunsira tiri nazo. Kuyambira mu 2016 meya timsankha tokha pa voti, kotero ayenera kuyankha kwa ife. Lamulo la makhonsolo la 2019 linakhazikitsa makomiti a citukuko m'wadi iri yonse, ochedwa WDC, kumene mlimi ndi wamalonda ali ndi mau. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu, ndipo mipando ya alendo kawirikawiri ikhala yopanda munthu. Mu December 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo la Access to Information, limene lipatsa nzika mphamvu yopempha nkhani ku maofesi a boma, kuphatikizapo makhonsolo. Akakana popanda cifukwa comveka, dandaulo lipita ku Human Rights Commission. Ndipo lipoti la Auditor General la makhonsolo liri pa intaneti, mwana wa sukulu angakuwerengereni pa foni.

Cala cimodzi siciswa nsabwe. Munthu mmodzi akapita kukafunsa, adzauzidwa kuti bwana ali pa msonkhano. Koma mphakati, komiti ya Cilungamo ndi Mtendere ya pa parishi, kopaletivu ya alimi ndi komiti ya pa msika zikalemba kalata imodzi, yosainidwa ndi onse, kalatayo siingatayike mosabvuta. Mafunso ake asaculuke. Atatu akwana: caka catha munalipira zingati kwa maloya apadera? Pa milandu ingati? Mwa milanduyo, ndi ingati imene ikanatha mwa kukambirana?

Ngati mayankho ali abwino, tidzayamika poyera, pakuti khonsolo yosunga bwino ndalama iyenera kudziwika. Ngati ali oipa, tidzadziwa pamene denga lidontha, ndipo bajeti yotsatira isanabvomerezedwe tidzapempha kuti pakonzedwe. Funso limeneli tilipereke kwa khansala wathu pa msonkhano wa WDC ukubwerawu, molemba, ndipo tipemphe tsiku limene yankho lidzabwera.